Diripi ya mankhwala a khansa ikayamba kuwotcha pamkono, si nthawi yopirira

Mankhwala ambiri a khansa amalowa m'thupi kudzera pa diripi. Namwino amabaya kanyula mumtsempha wa pamkono, mankhwala n'kumatsika pang'onopang'ono, ndipo akangofika mkati amakumana ndi magazi othamanga amene amawasungunula n'kuwamwaza thupi lonse. Chimene chimapulumutsa mkonowo ndi kusungunuka kumeneku. Mankhwala omwewo akaphonya njira n'kutayikira mumnofu wa pansi pa khungu, palibe chowasungunula. Amangokhala pomwepo ndi ukali wawo wonse, n'kuyamba ntchito imene anawapangira, yopha maselo, koma tsopano akupha maselo a khungu, a mafuta, a mnofu, mwinanso a mitsempha yoyendetsa zala. Madokotala polemba mufayilo amati extravasation. Wodwala iye amangoti, "Pakuwotcha."

Sizichitika tsiku ndi tsiku. Malangizo amene mabungwe awiri a ku Ulaya, ESMO la madokotala a khansa ndi EONS la anamwino awo, anatulutsa mu 2012 amati ngoziyi imagwera pakati pa wodwala mmodzi pa 10,000 ndi odwala 7 pa 100 mwa olandira mankhwala kudzera m'mitsempha. Manambala awiriwa atalikirana chonchi chifukwa zipatala zimasiyana kasamalidwe, komanso chifukwa ngozi zambiri sizilembedwa n'komwe. Koma ikachitika ndi mankhwala aukali, mayi amene anabwera kudzalimbana ndi chotupa cha m'bere amabwerera kwawo ndi vuto lachiwiri, chilonda chosapola pamkono, ndipo ena zala zimawauma mpaka kalekale.

Si mankhwala onse amene amachita zimenezi. Cyclophosphamide, bleomycin kapena methotrexate akatayikira, pamalopo pamatupa, mwina kuwawa pang'ono, kenako thupi limawamwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ena monga fluorouracil, etoposide ndi carboplatin amawawitsa ndi kutupitsa mtsempha, khungu n'kuda motsatira njira yake, koma kawirikawiri sapha mnofu. Amene amasowetsa anamwino tulo ndi a gulu lotulutsa matuza ndi kuwoletsa mnofu: doxorubicin ndi abale ake daunorubicin ndi epirubicin, dactinomycin, mitomycin, vincristine, vinblastine ndi vinorelbine. Paclitaxel naye amaikidwa m'gulu lomweli, ngakhale mabala ake nthawi zambiri sakhala aakulu.

Awiri mwa amenewa, doxorubicin ndi vincristine, ndiwo asenza chithandizo chambiri cha khansa ku Malawi. Ana odwala Burkitt lymphoma, khansa ija yotupitsa nsagwada ndi mimba, amene amagonekedwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, amalandira vincristine, ambirinso doxorubicin. Akuluakulu odwala lymphoma, khansa ya mwanabere, amalandira CHOP, mankhwala anayi ophatikiza momwe muli onse awiri, kamodzi pa masiku 21 aliwonse. Amayi a khansa ya m'bere amapatsidwa doxorubicin pamodzi ndi cyclophosphamide. Odwala Kaposi sarcoma, khansa yooneka kwambiri pakhungu, kwa zaka zambiri ankadalira bleomycin ndi vincristine, mpaka kafukufuku amene anatuluka mu 2020, yemwe Malawi inali nawo, anaonetsa kuti paclitaxel amathandiza kuposa pamenepo. Ndi mankhwala akale, otsika mtengo, ndipo amachiritsadi anthu. Palibe amene akunena kuti muziwathawa.

Doxorubicin sasowa. Musirinji ndi wofiira kuti psuu, ndipo mkodzo nawo umafiira kwa tsiku limodzi kapena awiri, zimene siziyenera kuopsa munthu. Chiyambi chake ndi mabakiteriya a m'dothi limene akatswiri a kampani ya Farmitalia anatapa kum'mwera kwa Italy m'zaka za m'ma 1950, ndipo ku America anavomerezedwa mu 1974. Amagwira ntchito polowa mkatikati mwa selo n'kumatirira ku DNA, momwe muli malangizo oyendetsa selolo, selo n'kulephera kugawikana, n'kufa. Pa chotupa, zimenezi n'zimene tikufuna. Pamkono ndi tsoka, chifukwa selo likafa n'kuphwanyika, mankhwala aja safa nalo limodzi. Amamasuka, n'kulowa m'selo loyandikana nalo, n'kuliphanso, kenako lina. Motero bala limadzikulira lokha, cham'mbali ndi chapansi, kwa masabata ngakhale miyezi, diripi itachotsedwa kalekale. Ndi moto wa mu utuchi: pamwamba phulusa lokhalokha, pansi ukunyeka.

N'chifukwa chake tsiku loyamba limanamiza. Pangaoneke kutupa pang'ono, kuwawa n'kuleka madzulo, aliyense n'kuganiza kuti zatha. Pakapita masiku angapo pamalopo pamalimba, khungu limada, matuza amatuluka. Pakati pa sabata yoyamba ndi yachinayi, pakatikati pamachita nkhanambo youma yakuda bii, ndipo ikachoka pamatsala dzenje losamera mnofu watsopano. Malangizo a ESMO aja amati pafupifupi ngozi imodzi mwa zitatu za mankhwala aukaliwa imafika pa chilonda chotere. Kuseri kwa chikhatho ndi pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono ndi malo oipitsitsa, popeza mafuta ndi ochepa ndipo mitsempha yokoka zala ndi yomvera kukhudza ili pansi pa khungu pomwepo. Onjezani apo kuti mankhwala a khansa amatsitsa asilikali a m'magazi, ndiye chilondacho chimalowa majeremusi mosavuta ndipo chimapola mochedwa. Chowawa kwambiri, mwa kuona kwanga, n'chakuti dokotala amakakamizika kuimitsa kaye mankhwala otsatira kuti chilonda chipole, pamene khansa iyo sikudikira.

Vincristine khalidwe lake ndi lina. Amachokera ku duwa la ku Madagascar lotchedwa Catharanthus roseus, lija la maluwa apinki kapena oyera limene ambiri timadzala pakhomo ngati chokongoletsa, ndipo ku America anavomerezedwa mu 1963. Wina asathamangire kukathyola masamba ake n'kuwiritsa: pamafunika masamba olemera makilogalamu mahandiredi ambiri kuti papezeke galamu imodzi ya mankhwalawa, ndipo madzi owiritsira masambawo sachiza khansa, amangovulaza. Vincristine samatirira ku DNA. Amasokoneza tizingwe timene selo limadzikokera pogawikana, ndipo thupi limatha kumuphwanya n'kumuchotsa. Akatayikira amawawa zedi ndipo amatha kutulutsa matuza ndi chilonda, koma bala lake silimafalikira kwa miyezi ngati la mnzake uja.

Kusiyana kumeneku kumabala malangizo awiri otsutsana, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Pa doxorubicin cholinga ndi kumutsekera pamalo amodzi kuti asakhudze maselo ambiri, choncho amaikapo chozizira chouma, monga madzi oundana okulunga m'nsalu, kwa mphindi 20, kanayi pa tsiku, kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kuzizira kumafinya timitsempha ndipo maselo samwa mankhwala msanga. Pa vincristine cholinga ndi kumumwaza kuti asungunuke magazi amutenge, choncho amaikapo chofunda. Mukatembenuza, mwaonjezera moto: chozizira chimakulitsa bala la vincristine, chotentha chimakulitsa la doxorubicin. Tsono kwathu chilichonse chikatupa timathowa ndi kansalu ka madzi otentha, ndipo agogo onse angakuuzeni zimenezo. Pa bondo lobinya n'zothandiza. Pa mkono umene mwatayikira mankhwala ofiira aja, kuthowa ndi kusisita kumangowakankhira kutali. Wodwala ndi womudikirira ayenera kutuluka m'chipatala akudziwa dzina la mankhwala amene alowa tsiku limenelo, ndipo ngati dzinalo likuvuta, aliuze namwino alilembe bwinobwino m'kabuku ka kuchipatala.

Nanga mankhwala amatuluka bwanji mumtsempha? Nthawi zina kanyula kamaboola mtsempha mbali zonse ziwiri pobaya. Nthawi zina kanalowa bwinobwino, koma wodwala wapinda mkono, watembenuka, kapena wapita kuchimbudzi atanyamula botolo, nsonga yake n'kusuntha. Nthawi zinanso mtsempha uli ndi bowo lina chapamwamba, pamene anayesa kubaya n'kulephera kapena pamene anatenga magazi m'mawa womwewo, ndiye mankhwala akamadutsa amadontha pamenepo. Mitsempha nayo imatopa. Munthu amene akulandira ulendo wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi mitsempha yake imakhala yolimba, yopyapyala, yosachedwa kuphulika. Ana aang'ono, okalamba, anthu onenepa kwambiri ndi owonda kwambiri onse amavuta kubaya. Mkono wa mbali imene anachotsa bere ndi mwanabere wa m'khwapa umapewedwa, chifukwa madzi sayenda bwino mmenemo. Ndiye pali gulu lina loopsa mwakachetechete, la anthu amene samva kuwawa bwinobwino: odwala shuga amene manja anachita dzanzi, omwa mankhwala ogonetsa kapena morphine, ndi amene vincristine yemweyo wawachititsa dzanzi m'zala, popeza limeneli ndi limodzi mwa mavuto ake odziwika.

Chizindikiro choyamba kawirikawiri ndi kuwotcha, kubaya kapena kumva kuthina pamene pali kanyula. Kenako kutupa, diripi kutsika mochedwa kapena kuima, sirinji kulimba pokankha, ndi magazi kusabwerera m'kapaipi namwino akakoka. Mabuku ambiri amatsindika za kufiira kwa khungu, koma zithunzi zake n'za anthu a khungu loyera. Pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka msanga. Chimene mungaone ndi malo akuderapo kuposa pozungulira, onyezimira, othina, ofunda kapena ozizira mwachilendo mukawakhudza. Njira yabwino ndi kuyerekeza mikono yonse iwiri pamalo owala, malaya atapindidwa, pulasitala asanaphimbe chilichonse. Pali zinthu zina zimene zimafanana ndi ngoziyi koma si iyo. Doxorubicin nthawi zina amatulutsa mzere woyabwa wa tiziphuphu motsatira mtsempha, popanda kuwawa kwenikweni, magazi akubwerera bwinobwino, ndipo umazimirira wokha pasanathe ola limodzi ndi theka. Mankhwala ozizira ochokera mufiriji amathanso kufinya mtsempha n'kuwawitsa mkono wonse. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya namwino. Lamulo limene iwo amaphunzitsidwa n'lakuti ukakayika, ima, uone ngati mankhwala atayikira mpaka utatsimikiza kuti ayi.

Vuto n'lakuti namwinoyo sangakhale pa bedi lililonse. M'zipinda zolandirira mankhwala a khansa m'maiko athu, namwino mmodzi amayang'anira anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo woyamba kudziwa kuti zalakwika ndi mwini mkono. Apa m'pamene ulemu wathu umatipweteka. Munthu wamkulu amaona namwino akuthamangathamanga n'kuganiza kuti asawavutitse. Wina anauzidwa kumudzi kuti mankhwala a khansa amawotcha, ndiye akamva kuwotcha amati ndiye kugwira ntchito kwake. Bambo wina amaopa kuoneka wamantha pamaso pa amayi amene akhala chete pa benchi yomweyo. Zonsezi n'zomveka, koma mankhwala akamalowa bwino mumtsempha sayenera kuwotcha pamene pali kanyula. Mawu oti "Anesi, pakuwawa apa, taimitsani kaye" si mwano. Kwa ana nkhani ndi yovutirapo, popeza mwana amalira kuyambira ataona singano. Mayi amene wamunyamula ndi amene amadziwa kusiyana kwa kulira kwa mantha ndi kulira kwa ululu, ndipo akaona kalilidwe kasintha mwadzidzidzi mankhwala ali mkati molowa, kapena mwana akukoka mkono mwamphamvu, anene nthawi yomweyo.

Zimene namwino amachita zikatere zingadabwitse woonerera. Amatseka diripi msanga, koma kanyula sakazula kaye, ngakhale wodwala akupempha kuti kachoke. Amalumikiza sirinji yopanda kanthu n'kukoka pang'onopang'ono kuti ayamwe mankhwala alionse amene angabwerere. Samatsuka ndi madzi a m'diripi, chifukwa kutero ndi kukankhira mankhwala mkati. Akatha ndi pamene amazula, osapanikiza ndi chala mwamphamvu, n'kujambula mzere ndi cholembera kuzungulira malo otupa kuti mawa adziwe ngati pakula. Foni ili ndi ntchito pano: chithunzi cha tsiku loyamba ndi cha masiku otsatira chimathandiza dokotala kuposa kufotokoza kwa pakamwa. Mkono umakwezedwa pa pilo, wodwala amapatsidwa mankhwala opha ululu, dokotala amaitanidwa, ndipo mankhwala otsala amalowera mkono wina.

Kwa zaka zambiri, pa doxorubicin panalibe chochita china kupatula kuziziritsa, kudikira ndi kudula. Zinasintha chifukwa cha mankhwala amene analipo kale pa ntchito ina. Dexrazoxane ankaperekedwa pofuna kuteteza mtima, popeza doxorubicin akachuluka m'thupi amafooketsa mtima. Akatswiri a ku Copenhagen ku Denmark anayesa pa mbewa za mulabu n'kupeza kuti amatetezanso khungu, ndipo analengeza zimenezi mu 2000. Kenako anayesa pa anthu m'zipatala za ku Ulaya. Zotsatira zinatuluka mu 2007: mwa odwala 54 amene zinatsimikizika, atapima kachidutswa ka mnofu, kuti mankhwala anatayikiradi, mmodzi yekha ndiye anafunika opaleshoni, ndipo 38 anapitiriza mankhwala awo a khansa pa tsiku lake osadumphitsa. Ku Ulaya anavomerezedwa mu 2006 pa dzina la Savene, ku America mu 2007 pa dzina la Totect. Amaperekedwa pa diripi ku mkono winawo, kamodzi pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo chozizira chija chimachotsedwa mphindi 15 asanayambe kuti magazi athe kuwafikitsa pabalapo. Ali ndi malire ake olimba: ayambe pasanathe maola 6 ngozi itachitika. Wodwala amene wapirira mpaka mawa wataya mwayi umenewu. Mtengo wake nawo ndi wosautsa, mapaundi masauzande angapo pa wodwala mmodzi ku Britain, ndipo m'zipatala zambiri za maiko osauka sapezeka.

Kumene kulibe dexrazoxane amagwiritsa ntchito DMSO, madzi oyera amene amapakidwa pakhungu kuzungulira malo onse okhudzidwa, n'kusiyidwa kuti aume okha osamanga bandeji, pa maola 8 aliwonse kwa sabata imodzi. Ndi otsika mtengo, amayabwitsa khungu pang'ono, ndipo mpweya wa wodwala umamveka fungo la adyo. Saphatikizidwa ndi dexrazoxane chifukwa amamufooketsa. Pa vincristine pali hyaluronidase, jakisoni wobayidwa malo angapo kuzungulira bala, amene amamasula zomata za pakati pa maselo kuti mankhwala amwazike. Palinso njira imene dokotala wa maopaleshoni wa ku Britain, David Gault, anafotokoza mu 1993: atachititsa dzanzi pamalopo, amacheka timabowo tingapo n'kupopera madzi amchere a m'diripi pansi pa khungu kuti atulukire m'timabowomo pamodzi ndi mankhwala. Imafuna manja ozolowera, zida zoyera, ndiponso kuti ichitike tsiku lomwelo. Mphini za kumudzi si m'bale wake. Kutema pamalo otere n'kuthira zitsamba ndi kutsegulira majeremusi khomo pa munthu amene chitetezo chake chatsika kale.

Poti mankhwala othetsera ngoziyi ndi odula ndi osowa, nzeru zambiri zimathera pa kupewa, ndipo zambiri sizifuna ndalama. Malo abwino obaya ndi pakati pa chigongono ndi dzanja, pamene pali mnofu wokwanira, osati kuseri kwa chikhatho kapena popindikira chigongono, ngakhale kuti pamenepo mpamene mitsempha imaoneka bwino ndipo wotopa aliyense amakopeka napo. Kanyula kakhale katsopano ka tsiku lomwelo, kapulasitiki, osati singano yachitsulo. Akalephera kubaya, ayesere chapamwamba pa malo olepherawo kapena mkono wina, osati chapansi. Doxorubicin amakankhidwa ndi dzanja pang'onopang'ono, madzi a m'diripi akutsika mwamphamvu pambali, namwino akuima pafupipafupi kuti aone ngati magazi akubwerera. Pampu ya magetsi siyenera kupatsidwa ntchito imeneyi pamtsempha wa pamkono, chifukwa iyo imangokankhabe ngakhale kanyula katachoka m'njira. Vincristine ali ndi nkhani yakeyake. Mu 2007 bungwe la WHO linalangiza kuti asamaikidwe musirinji koma m'kathumba kakang'ono ka diripi, chifukwa anthu m'maiko osiyanasiyana anamwalira atabayidwa vincristine kumsana molakwitsa m'malo mwa mankhwala ena. Kathumbako kamatha m'mphindi 5 mpaka 10, ndipo namwino amayenera kukhala pomwepo mpaka kathe.

Kumene ndalama zilipo, odwala ofunika mankhwala kwa miyezi amaikidwa port, kabokosi kakang'ono ka pansi pa khungu la pachifuwa kolumikizidwa ndi kapaipi kopita mumtsempha waukulu wa pafupi ndi mtima. Kamapulumutsa mikono, koma ngozi siitheratu. Singano imatha kusuntha, kapaipi kamatha kung'ambika, ndipo mankhwala akatayikira m'chifuwa zizindikiro zake ndi kuwawa pachifuwa, m'khosi kapena paphewa.

Ambiri mwa odwala athu amalandira mankhwala n'kukwera minibasi tsiku lomwelo kubwerera ku Mchinji, ku Ntcheu kapena ku Nsanje, tsiku lobweranso litalembedwa masabata atatu kutsogolo. Matuza akatuluka pa tsiku lachinayi, amapita kuchipatala chaching'ono cha pafupi, ndipo wachipatala amene sakudziwa zimene zinalowa mumkonomo amatsuka n'kumanga ngati chilonda wamba cha moto. N'chifukwa chake m'kabuku muyenera kulembedwa dzina la mankhwala, tsiku, mkono wake, ndi mawu oti akukayikira kuti anatayikira, komanso nambala ya foni ya ku chipinda cha khansa. Munthu wotere amafunika kuonedwa tsiku lililonse kapena podumphitsa tsiku limodzi m'sabata yoyamba, kenako sabata iliyonse mpaka atapola. Pena malo amene anapola amayambanso kuwawa ndi kuda mankhwala omwewo akaperekedwa ulendo wotsatira, ngakhale alowere mkono wina, ndipo nazo n'zofunika kunena. Kutentha thupi, mafinya, dzanzi lachilendo kapena zala kukanika kupinda n'zobwerera nazo kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Mnofu ukafa, kapena ululu ukapitirira masiku 10, malangizo amati wodwala aonedwe ndi dokotala wa maopaleshoni, amene amachotsa mnofu wonse umene muli mankhwala mpaka kufika pa wamoyo, kenako n'kudzaphimba ndi khungu lochokera pantchafu kapena mbali ina ya thupi. Pofika tsiku la 21 lolembedwa m'kabuku lija, dera lofunika kudula limakhala litakula kale.